Choko cha Che Amidu

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba muno. Agogo anu adakusimbirani kale, ndipo pena adathiramo mchere wambiri. Ndiyambira pamene ndidayamba kudya thukuta langa, kuti ndifike msanga pa nkhani imodzi imene ndakhala ndikuilambalala zaka zonsezi. Mumandidziwa ngati dalaivala amene adapuma pantchito wopanda mlandu ngakhale umodzi m'failo. Failoyo sinama, koma sinena zonse.

1971

Ntchito yanga yoyamba idali ya pa lole, pa kampani ina yogulitsa simenti, malata ndi matabwa ku Old Town. Dzina lake ndilisiya, idatha kalekale. Masiku amenewo likulu lidali likumangidwa kumene, ndipo uko mukuti ku City Centre lero kudali tchire, fumbi ndi mathirakitala. Tinkakweza matumba m'mawa, kukatsitsa kutsidya kwa Lingadzi, n'kubwerera tili mbuu ngati tagwera m'chigayo. Adalaivala a loleyo ankakonda tulo ta masana kuposa chakudya, choncho tikangochoka pamaso pa akapitawo ankandisiyira chiwongolero iwo n'kuyamba kuliza mkonono. Ulesi wa bambo amenewo ndiwo udali sukulu yanga. Patatha zaka ziwiri ndidatenga laisensi, iwo adachotsedwa ntchito, lole n'kukhala m'manja mwanga.

Magalimoto onse a kampani ankakonzedwa pagalaja ya Che Amidu, kuseri kwa msewu wa Malangalanga, pamalo amene ankachita lendi kwa mmwenye wina wa sitolo ya nsalu. Che Amidu adali Msilamu wa ku Mangochi, wamfupi, wa kandevu kosongoka, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula. Adali ndi amakaniko atatu, wamkulu wake ali mng'ono wawo Yusufu, komanso kompresa yopopera penti, chinthu chimene magalaja ambiri adalibe. Koma chimene chidawatchukitsa sichidali kompresayo. Chidali choko.

M'magalaja ena mkangano udali wa tsiku ndi tsiku. Mwini galimoto akabwera kudzaitenga ankati mwandiswera nyali, makaniko n'kumati idabwera yosweka kale. Wina ankati mwandisinthira tayala la sipeya, wina ankati bampala mwaipinda poikoka. Ena ankafika mpaka kupolisi, ena ankathera pa zibakera, ndipo kawirikawiri wopambana ankakhala amene wavala tayi. Kwa Che Amidu kudalibe zimenezo. Galimoto ikangolowa pageti, asanatsegule ndi boneti yomwe, ankatulutsa choko m'thumba la ovolosi n'kuizungulira yonse limodzi ndi amene waibweretsa. Paliponse popindika, pokalika kapena posweka ankajambulapo kamzere kozungulira. Akamaliza ankawerenga mokweza, monga ankachitira ndi ine: "Zinayi, Che Mbewe. Mwaziona?" Iwe unkayenera kuyankha kuti, "Ndaziona." Lamulo lawo tauni yonse inkalidziwa: chimene chili m'kati mwa choko n'cha mwini galimoto, chimene chapezeka kunja kwa choko potuluka n'cha galaja, ndipo alipira okha popanda kukangana. Ife madalaivala tinkawaseka kuti ndi aphunzitsi osowa sukulu. Iwo ankangoti choko n'chotchipa kuposa mlandu.

1975

Chaka chimene likulu lidasamuka ku Zomba kubwera kuno, inenso ndidatsika pa lole. Adandisankha kuti ndiziyendetsa bwana Zalimba, manijala wamkulu wa kampani, amene ankakhala ku Area 12. Pakhomo pawo padali kapinga wobiriwira ngakhale mu Okutobala, mlonda pageti, ndi agalu awiri amene ankadya bwino kuposa ine. Bwana Zalimba sadali munthu woipa mtima tsiku lililonse. Jekete zawo zakale ndidavala ndine, ndipo pa Khirisimasi ankatipatsa nkhuku. Koma adalinso ndi mpando m'chipani, ndipo akakwiya sankasiyanitsa za kampani ndi za chipani. Inu a masiku ano n'kovuta kumvetsa. Nthawi imeneyo chipani chidali chimodzi, ndipo mawu amodzi a munthu ngati ameneyo ankatha kukuchotsa pakhomo pako, abale ako osadziwa ndi kokafunsa komwe.

Galimoto yawo idali yoyera, ya zitseko zinayi, ndipo m'mawa uliwonse ankayendetsa chala pa boneti kuona ngati pali fumbi. Tsiku loyamba adandiuza kuti isayende mtunda ngakhale umodzi umene suli m'buku la maulendo, ndipo m'bale wanga aliyense asakweremo, ngakhale ndimupeze akuvumbwa pamsewu. Dalaivala amene adalipo ine ndisanabwere adachotsedwa chifukwa chonyamula mtolo umodzi wa nkhuni.

Pofika nthawiyi, ine ndi Che Amidu tidali pa chibale. Ndikadikira galimoto ankandiitanitsira tiyi ndi mandazi. Nditakwatira mayi anu n'kupeza nyumba ya lendi ku Kawale, bedi lathu loyamba adatiwotcherera ndi iwo, ndi zitsulo zotsala, osalandira kanthu. Pa Idi ankatumiza mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Choko chokha sichinkadziwa chibale: ngakhale ine ankandizunguliritsa, uku tikuseka. Padali nthawi imodzi yokha imene chokocho chinkapuma. Lachisanu dzuwa likayandikira pamutu, Che Amidu ankavula ovolosi, kusamba, kuvala mkanjo woyera ndi kofiya, n'kupita kumzikiti ndi amakaniko awo onse. Akasamba chotero sankagwiranso galimoto. Wobwera nthawi imeneyo ankamubweza kuti abwerenso 2 koloko. Koma ine kawiri konse ndidafika mochedwa chotero, ndipo sadandibweze. Adangofunsa kuti, "Palibe chachilendo, Che Mbewe?" Nditati palibe, adati, "Basi, mawu anu ndi choko. Kiyi pa msomali." Ndinkanyada nazo kwambiri, mpaka kuwauza anzanga kuti ine kwa Che Amidu ndimalowa ndi pakamwa pokha.

1979

Chaka chimenechi zinthu zidavuta. Katundu wodzera ku Mozambiki sankafika bwino, petulo tinkachita kumudikira pamzere, ndipo kagalasi ka nyali kokha unkatha kukafunafuna miyezi. Amene adali ndi galimoto yabwino ankaisamala ngati dzira.

Lachitatu lina bwana Zalimba ndi akazi awo adakwera ndege kupita ku Blantyre. Ponyamuka adandiuza kuti Lachisanu ndikasiye galimoto ku sevisi kwa Che Amidu, Loweruka tikaitenge limodzi, chifukwa Lamlungu kudali msonkhano wa chipani ndipo galimotoyo inkayenera kunyamula alendo. Lachitatu lomwelo udafika uthenga woti malume awo a mayi anu amwalira kumudzi, kupitirira Mitundu. Mayi anu adali ndi pakati pa iwe Tiyamike, masiku atayandikira. Ndikhoza kulemba pano kuti ndidatenga galimoto ya bwana chifukwa chowamvera chisoni, ndipo ndi zimene ndidadziuza ndekha kwa zaka zambiri. Si zoona. Basi idalipo, ndipo iwo eni adati akwera basi. Ine ndinkafuna kuti akuchikamwini andione. Chikwatirire, alamu anga ankanditchula kuti mkamwini wa simenti, poti tsiku loyamba kukaonekera ndidapita tsitsi lili mbuu. Dzinalo linkandiwawa kuposa mmene ndinkaonetsera.

Lachinayi m'mawa ndidamasula chingwe cha mamailosi, monga dalaivala aliyense ankadziwira, ndidathira petulo wanga wa m'chigubu, mlonda n'kumuuza kuti ndikupita ku ofesi. Titafika pamaliro ndi mayi anu, anthu adasiya kuyang'ana kusiwa n'kumayang'ana galimoto. Adandiyalira mpando pakati pa akuluakulu, ndipo mlamu wanga yemwe adayambitsa dzina lija adandipatsa moni ndi manja awiri. Ndidakondwa pa maliro a munthu, ana anga. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pobwerera, m'kanjira kopapatiza ka pakati pa minda, tidapeza ngolo ya ng'ombe itasenza mitengo ya bulugama. Ndikadadikira pang'ono njira ikadatakasuka. Koma anthu ochokera kumanda adali m'mbali mwa njira akuyang'ana, choncho ndidaliza hutala mwamatama n'kuyamba kuipitirira. Ng'ombe zidadzidzimuka, ngolo idakhotera kwa ine, ndipo ngodya yake yachitsulo idakoka chitseko chakumbuyo chakumanzere. Nditatsika ndidapeza chitseko chitalowa m'kati, mzere wa penti ya buluu ya ngoloyo utatsalira m'mene mudapindikamo. Mwini ngolo, mkulu wa imvi, adagwada kundipepesa ngakhale wolakwa ndidali ine. Ndidamukalipira anthu akumva, n'kuliza galimoto.

Tidayenda mpaka pafupi ndi tauni. Kenaka mayi anu adati, "Mukawauze bwana zoona."

"Ndikanena, ntchito yatha, mwinanso ndi ndende. Mwanayo adzabadwira kuti?"

"Nanga muchita chiyani?"

Yankho ndidali nalo kale, koma silidali loti n'kulitchula. Ku Area 12 ndidalowa mbali yophwanyikayo itafulatira kanyumba ka mlonda, n'kukaitsekera galimoto m'shedi.

Lachisanu m'mawa ndidabwezeretsa chingwe chija, ndidatsuka matope onse a ku Mitundu, ndidapukuta penti ya buluu ndi kansalu ka petulo. Ina idachoka, ina idakanirira m'kati mwa mpindo. Ndidanyamuka 10 koloko, nthawi yoti ndikadafika Che Amidu akadali mu ovolosi. M'malo mwake ndidakaima pansi pa mtengo pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, n'kumayang'ana wotchi. Ndikufuna mumvetse bwino pamenepa. Munthu amatha kunama modzidzimuka, pakamwa patathamanga kuposa mutu. Ine ndidakhala pansi pa mtengo uja ola limodzi ndi theka, mutu uli bwinobwino, kudikira kuti mnzanga asambe m'manja.

Nditamva kuitana kwa kumzikiti ndidaliza injini. Pagalaja, kumanzere kwa geti kudali khoma lalitali. Ndidaitsamiritsa galimoto kukhomako moti ngakhale mphaka sakadadutsapo. Che Amidu adatuluka mu ofesi yawo ali mbee, mkanjo woyera, kofiya kumutu, Yusufu ndi anzake atatsogola kale.

"Aa, Che Mbewe, lero mwachedwa," adatero akumwetulira. Adagwira pachifuwa pamene pamakhala thumba la ovolosi, n'kuseka okha. "Choko chatsala m'zovala zantchito. Palibe chachilendo?"

"Palibe, Che Amidu. Sevisi basi."

"Basi, mawu anu ndi choko. Kiyi pa msomali."

Ndidakoleka kiyi pa msomali. Tidatulukira limodzi pageti, iwo akundifunsa ngati bedi lija likadali lolimba.

Loweruka m'mawa bwana adatera, galimoto ina ya kampani idakawatenga, idandipeza ine ku ofesi, tonse n'kulunjika kugalaja. Tidapeza galimoto yoyera ili pakati pa bwalo, chitseko chophwanyika chitayang'ana kugeti. A pagalaja sadabise kanthu. Che Amidu adali chiimire pambali pake, Yusufu ali kumbuyo kwawo nkhope ili gwaa.

"Ichi n'chiyani?" adakuwa bwana asanapereke ndi moni yemwe.

"Bwana, dzulo titabwerako kumzikiti tinaikankha kuichotsa pakhoma, ndiye tinapeza zimenezi," adatero Che Amidu. "Ife sitinaigunde."

Bwana adatembenukira kwa ine. "Mbewe, unaibweretsa ili chonchi?"

"Ayi, bwana. Ndinaisiya ili bwinobwino."

Mawuwo adatuluka mosavuta, ndipo mpaka lero chimenechi chimandichititsa manyazi kuposa zonse.

"Nanga choko chanu chija chili kuti?" bwana adafunsa Che Amidu. "Mumatchuka nacho tauni yonse. Tandionetsani pamene mwalemba."

"Dzulo sindinalembe, bwana."

"Ndiye lamulo lanu lija limati chiyani?"

Apa Yusufu adalephera kupirira. "Koma bwana, taonani penti ya buluuyi. Muno mulibe chinthu cha buluu. Ndipo kagundidwe kake..."

Bwana sadamulole kumaliza. Adatsitsa mawu. "Kodi mukudziwa kuti galimoto imeneyi mawa inyamula alendo a chipani? Kapena mwachitira dala? Alipo amene wakutumani kuti musokoneze msonkhano?"

Pamenepo ndidaona kuti bodza langa lapitirira chitseko, tsopano likhoza kutengetsa munthu pakhomo pake osabweranso. Ndidatsegula pakamwa, ndikulumbira ndidatsegula. Ndidaganiza za nyumba ya ku Kawale, za mayi anu, za ine ndili kumbuyo kwa galimoto ya apolisi, ndipo ndidatsekanso. Che Amidu adamuyankhula Yusufu mawu awiri m'Chiyao, iye n'kubwerera m'mbuyo. Kenaka adanyonyomala pachitseko, adayendetsa chala chachikulu m'mpindo muja, adachiyang'ana chili ndi buluu. Adadzutsa maso n'kundiyang'ana ine. Ndikadakonda akadandiyang'ana mwaukali.

"Che Mbewe," adatero, "mayi aja kunyumba adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino."

Adagwedeza mutu, adapukuta chalacho pa ovolosi, n'kuimirira. "Bwana, palibe amene watituma. Ife ndife anthu a sipanala basi. Galimoto yalowa pageti langa, choko sindinalembe. Ndilipira ine."

Bwana adati sakufuna chitseko chomenyamenya ndi hamala, akufuna china chabwino, ndipo kuyambira tsiku limenelo malole a kampani sadzapondanso pamenepo. Pobwerera ku ofesi adandisisita paphewa. Adati amwenye ndi amakaniko onse ndi akuba, koma mwayi wawo ali ndi dalaivala wokhulupirika.

1980

Chitseko cha mtundu umenewo m'dziko muno mudalibe. Yusufu adachita kukachipeza ku Chipata, pa galimoto ina imene idachita ngozi, ndipo mtengo wake udali woti Che Amidu sakadaukwanitsa popanda kugulitsa kanthu. Adagulitsa kompresa. Wogulayo adalola kuti ayambe apopera chitsekocho, ndiye ntchito yomaliza ya kompresa ija idali yokwirira bodza langa ndi penti yoyera. Tsiku lokatenga galimoto Che Amidu sindidawapeze. Yusufu adandiponyera kiyi pansi, ndipo ndidawerama n'kutola.

Zikadathera pa kompresa zikadachepa. Bwana Zalimba adaisimba nkhaniyo kwa anzawo onse a ku Area 12 ndi ku Area 11, kuti kwa Che Amidu amaphwanya magalimoto kenaka n'kumakana, ndiponso kuti anthu ake ndi okayikitsa pa za chipani. Mawu achiwiriwa ndiwo adapha galaja. Palibe wogwira ntchito m'boma amene ankafuna kuti galimoto yake ioneke pageti lotere. Ine ndinkamva zonsezi ndili pa chiwongolero, mabwana akukambirana kumpando wakumbuyo, atatsamira chitseko chomwecho. Chaka chisanathe, mmwenye uja adatenga malo ake n'kuwasandutsa mosungira nsalu.

Iwe Tiyamike udabadwa patangopita masabata atatu chichitikire za chitseko. Akazi a Che Amidu adatumiza chitenje chatsopano ndi sopo. Mayi anu adalandira ndi manja awiri, adathokoza, wobweretsayo atangochoka adakachiika pansi pa sutikesi. Nditafunsa adati, "Mwana wanga sindingamubereke pa nsalu imeneyi. Ikulemera." Sadandinenere kwa munthu aliyense, ndipo sadandilalatirepo. Adangoti, tsiku lina tikudya, "Mkamwini wa simenti uja ndinkamukonda." Chitenjecho mudachiona pamene tinkagawa zovala zawo atamwalira, chikadali ndi mapindo a kusitolo, ndipo mudafunsana kuti n'cha yani.

Ntchito yanga idayenda bwino, ndipo ndilembe zimenezi ngakhale zikundinyansa. Patapita zaka zitatu adandikweza kukhala kapitawo wa madalaivala onse. Chinthu choyamba chimene ndidachita pampandowo chidali kugula bokosi la choko n'kulamula kuti lole iliyonse izizunguliridwa isanalowe m'galaja iliyonse. Mikangano ndi magalaja idachepa, ndipo akuluakulu adandiyamikira pamsonkhano kuti ndili ndi nzeru. Ndidaimirira n'kulandira m'manja mwawo. Bwana Zalimba pambuyo pake adasemphana ndi anzawo a m'chipani, adabwerera kumunda kwawo, ndipo adamwalira akadali kukhulupirira kuti chitseko chawo adaphwanya ndi Che Amidu. Msewu wa Malangalanga ndinkauzemba, ngakhale pamene kuzemba kunkanditalikitsira ulendo.

Zidzukulu za Che Amidu zikadali ku Old Town. Mukadzamva wina akunena kuti agogo awo adataya galaja chifukwa chophwanya galimoto ya munthu, mudzamuonetse tsamba lino. Galaja imeneyo sidaphwanyepo galimoto ya bwana Zalimba. Ndidaphwanya ndine, bambo anu.

1988

Kampani itagulitsa magalimoto akale, ndidagula kapikiapu kanga. Ndidafika nako ku Kawale ndikuliza hutala, ana a m'mudadada wonse akuthamangira. Mayi anu adatuluka, adakayang'ana, n'kunena kuti, "N'kabwino. Koma ine sindikwera mpaka mutakaonana ndi Che Amidu." Ndidayesa nthabwala. Adayenda pansi kupita kutchalitchi miyezi iwiri, ine ndikuwatsatira pang'onopang'ono ndi galimoto ngati wamisala, anthu akutiseka. Mlandu suwola, ndipo mayi anu adali ndi mphuno yabwino.

Ndidafunsafunsa mpaka ndidamva kuti Che Amidu amakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango, kumunsi kwa msika. Yusufu adali atapita ku Joni. Mabuleki a kapikiapu kanga ankavutadi, ndiye ndidapeza chonamizira. Ndipo taonani mmene mantha amakhalira: ndidasankhanso Lachisanu, dzuwa litayandikira pamutu, kuti nkhaniyo ikhale yaifupi, iwo akuthamangira kumzikiti.

Ndidawapeza atavala kale mkanjo woyera, akutseka bokosi la sipanala ndi loko. Kandevu kaja kadali katayera. Pansi pa mtengopo padali jeke imodzi, matayala akutha ndi benchi.

"Che Mbewe! Mwanenepatu," adatero, n'kundigwira dzanja ngati tidasiyana dzulo. "Mwana uja wakula?"

"Ali sitandade 3."

"Mulungu ndi wamkulu."

Mawu onse amene ndidakonza m'njira adathawa. Ndidangoti, "Che Amidu, chitseko chija ndinagunda ndine. Inali ngolo, ku Mitundu. Ndinaba galimoto ya bwana kupita nayo kumaliro."

"Ngolo ya buluu," adatero. "Inanyamula bulugama. Khungwa lake linatsalira pa chogwirira."

"Ndiye munadziwa."

"Ndinayamba kuwongola zitsulo inu musanamere ndevu."

"Nanga bwanji simunanene?"

Adakhala pabenchi, nanenso ndidakhala pa tayala. "Ndikananena, inu mukanagona kuti tsiku limenelo? Mayi aja akanachirira kuti? Ine ndinali ndi manja angawa. Ndinkayesa nditaya chitseko chimodzi basi. Sindinadziwe kuti galaja yonse ipita. Ndikanadziwa, kaya. Sindikufuna kunama kuti ndine mngelo."

Ndidalira, ana anga, bambo wamkulu wa mimba yanga, pansi pa mango anthu akudutsa. Ndidati ndigulitsa kapikiapuko ndiwagulire kompresa ina. Adaseka n'kuloza m'mwamba m'nthambi. "Magetsi ake ndilumikiza pa mango ati? Zisiyeni, Che Mbewe. Ndinakukhululukirani. Osati msanga, zinanditengera zaka ziwiri. Koma munthu sungamaswali uli ndi mwala pamtima, umalemera pogwada."

Nthawi yomweyo kumzikiti kudayamba kuitana. Adaimirira, nanenso ndidaimirira, mtima utapepuka ngati ndatula thumba la simenti. Ndidati mabuleki akuvuta, ndiisiya galimoto adzaione akabwerako. Ndidatulutsa kiyi, maso anga akufunafuna msomali pamtengo paja. Ndivomere: ndinkadikira mawu aja. Ndinkaganiza kuti poti andikhululukira, andifunsa ngati palibe chachilendo, ine ndiyankhe zoona, iwo anene kuti mawu anga ndi choko.

Che Amidu adapisa dzanja m'thumba la mkanjo woyera uja n'kutulutsa choko.

"Chichokere tsiku lija chimakhala muno," adatero, osati mokwiya. "Ngakhale abwere mwana wanga wobereka ndekha. Tiyeni tizungulire."

Adayambira kumanzere. Adagwada m'fumbi ndi mkanjo wawo wa pemphero, adasuzumira kunsi kwa chitseko, adayendetsa chala, adajambula kamzere. Anzawo othamangira kumzikiti ankawakuwira kuti, "Che Amidu, nthawi!" Iwo sadafulumire. Tidazungulira galimoto yonse, ine ndili pambuyo pawo.

"Zisanu, Che Mbewe. Mwaziona?"

"Ndaziona."

Adabwezera choko m'thumba, adalandira kiyi m'manja mwanga, n'kuuyamba wa kumzikiti mochedwa, mkanjo uli wofiira m'mawondo.